Nyumba yolimbitsidwa, mpanda wa mudzi kapena linga la boma: chinkapulumutsa anthu n'chiti ku New England?

Kuyambira 1675 mpaka 1760, midzi ya Angelezi ya kumalire a Massachusetts, New Hampshire ndi Maine, kumpoto chakum'mawa kwa dziko lomwe lero ndi United States, inadutsa m'nkhondo zikuluzikulu 6 zolimbana ndi eni nthaka. Munthu wobadwira ku Deerfield kapena ku Wells ankatha kukula, kukwatira, mpaka kumera imvi asanaonepo zaka 20 zondondozana za mtendere. Ndiye pamsonkhano wa mudzi nkhani inali yomweyomweyo chaka ndi chaka: ndalama palibe, amuna ogwira mfuti ndi owerengeka, kumunda nako ntchito sidikira. Tibisala pati?

Mayankho analipo angapo, ndipo onse anayesedwa ndi moto. Ena ankalimbitsa nyumba zingapo m'mudzi momwemo, ena ankazinga mudzi wonse ndi mpanda wa mitengo, boma linkakonda malinga okhala ndi asilikali olipidwa, ndipo ena ankati khoma n'lachabe, bola kutumiza anthu kunkhalango. Panalinso kupangana ndi eni nthaka, komanso kungolongedza katundu n'kusamuka.

Eni nthaka ndikunenawa ndi anthu a mitundu ya Wampanoag, Nipmuc, Pocumtuck, Pennacook, Abenaki ndi ina. Mudzi wa Deerfield unamangidwa pomwe a Pocumtuck ankalima chimanga chawo. Amene ankabwera ndi nkhwangwa usiku sanali achifwamba ongodutsa. Ambiri anali ndi mlandu wa malo olandidwa kapena wa abale awo ogulitsidwa ukapolo, ndipo kuyambira 1689 ankabwera limodzi ndi Afalansa a ku Canada, omwe nawo anali ndi zawozawo ndi England.

Kamenyedwe kawo ndi kamene kakutiuza khoma labwino. Ankafika mbandakucha atayenda masabata m'nkhalango kapena pamitsinje, atanyamula mfuti, nkhwangwa ndi moto. Mizinga sankanyamula popeza kunalibe misewu yoikokera, kupatula kugombe komwe zombo za Afalansa zinkafika. Sankafuna kuzinga malo mwezi wathunthu kapena kutaya anthu awo pokwera khoma. Ankafuna kugwira anthu amoyo, kutentha nkhokwe, kupha ziweto, n'kubwerera thandizo la mudzi woyandikana nawo lisanafike. Choncho pobisalira pabwino panali poti mayi angafikepo chothamanga atanyamula mwana, ndipo pamalimba maola angapo. Ndikayeza ndi muyezo umenewu, ine ndimaika nyumba yolimbitsidwa patsogolo, mpanda wa mudzi pambuyo pake, linga la boma kumapeto kwenikweni.

Nyumba yolimbitsidwa

Angelezi ankaitcha garrison house. Inali nyumba ya munthu, kawirikawiri wopata bwino pamudzipo, mkulu wa asilikali a m'mudzi kapena m'busa. Makoma ankamanga ndi mitengo yosema mbali zonse zinayi kapena matabwa ochindikala kwambiri, olumana m'ngodya, moti chipolopolo cha mfuti za nthawiyo chinkathera mumtengo. Ena ankangoyala njerwa m'kati mwa khoma la matabwa. Mawindo anali ang'onoang'ono, chitseko cholemera, ndipo m'makomamo munali timabowo totulutsirapo mfuti. Zambiri zinkazingidwa ndi kampanda ka mitengo yosongola kokhala ndi tinsanja m'ngodya, kuti woyandikira khoma aziwomberedwa cham'mbali. Akuluakulu ankalemberatu kuti banja lakuti likamva mfuti ya chenjezo lithawire kwa uje, lakuti kwa uje. Zina zilipobe mpaka lero, monga ya McIntire ku York ndi ya Gilman ku Exeter, zonse zomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700.

Mphamvu yake inaoneka msanga. Mu Ogasiti 1675 ankhondo a Nipmuc anagwera mudzi wa Brookfield, ndipo anthu pafupifupi 80 anadzipanikiza m'nyumba imodzi ya John Ayres kwa masiku atatu. Kunjako anayesa mivi yamoto, kenako anadzaza ngolo ndi zinthu zoyaka n'kuikankhira kukhoma, koma kunagwa mvula n'kuzimitsa. Simon Willard atafika ndi asilikali apakavalo anapeza pafupifupi onse ali moyo. Ku Wells mu Juni 1692, James Converse ndi asilikali 15 m'nyumba ya Storer, mothandizidwa ndi anthu a m'mudzimo ndi tizombo tiwiri tomwe tinali pamtsinje, anabweza gulu la ankhondo pafupifupi 400, ndipo mtsogoleri wa Afalansa pagulupo anafera pomwepo.

Nkhani yomwe imandiseketsa ngakhale ili ya maliro ndi ya Thomas Bickford wa ku Oyster River mu Julayi 1694. Mkuluyu atamva mfuti anakweza mkazi ndi ana m'bwato kuti atsike ndi mtsinje, iye n'kutsala yekhayekha m'nyumba. Ankati akawombera pabowo ili, asinthe chipewa ndi jekete, athamangire pabowo lina, uku akukuwa ngati akulamula gulu la asilikali. A kunjawo anaganiza kuti muli anthu ambiri, n'kumusiya. Nyumba yomangidwa bwino inkachulukitsa munthu mmodzi chonchi. Komatu m'mawa womwewo nyumba zolimbitsidwa zisanu za m'mudzimo zinagwa ndipo anthu pafupifupi 100 anaphedwa kapena kugwidwa, chifukwa chaka cham'mbuyo kunasainidwa mtendere ku Pemaquid, anthu ambiri anali atabwerera kukagona m'nyumba zawo, ndipo m'nyumba zina zolimbitsidwa munalibe ngakhale wonga wokwanira.

Mdani wake woyamba anali moto. Pa 10 Febuluwale 1676 ku Lancaster, nyumba ya m'busa Joseph Rowlandson inali ndi anthu 37. Mwini wake anali atapita ku Boston kukapempha asilikali. Nyumbayo inali m'mphepete mwa kaphiri komwe adani ankawomberera, kamodzi mwa tinsanja take tiwiri ta m'ngodya kanali kasanathe kumangidwa, ndipo chapafupi panali nyumba yosungiramo zokolola yodzaza ndi mitolo youma yopotera ulusi. Mitolo yomweyo ndi imene anayatsira nyumbayo. Mary Rowlandson, mkazi wa m'busayo, anadzalemba kuti anali ndi agalu amphamvu 6 koma tsikulo palibe anasuntha. Anthu 12 anafa, 24 anagwidwa, mmodzi yekha ndiye anathawa. Nyumba zina zolimbitsidwa za m'mudzi womwewo zinalimba. Apa phunziro la omanga linali losavuta: udzu, nkhuni ndi nkhokwe zikhale patali, madzi akhale m'kati, ndipo osamanga pansi pa chitunda.

Mdani wachiwiri anali chitseko, ndipo ameneyu analibe mankhwala a mmisiri. Ku Dover, Richard Waldron anali wamalonda wamkulu komanso mkulu wa asilikali. Mu 1676 anaitanira eni nthaka mazana angapo ku masewera oyeserera nkhondo, n'kuwazinga. Pafupifupi 200 anatumizidwa ku Boston, ena ananyongedwa, otsalawo anagulitsidwa ukapolo kutsidya la nyanja. Mlandu suwola. Patatha zaka 13, usiku wina kumapeto kwa Juni 1689, amayi a eni nthaka anafika awiriawiri panyumba zolimbitsidwa za m'mudzimo kupempha malo ogona, zomwe zinali zozolowereka nthawi ya mtendere. Anawalandira pafupifupi paliponse. Anthu ali m'tulo, amayiwo anatsegula zipata. Waldron, nkhalamba ya zaka za m'ma 70, anamukhazika pampando pamwamba pa tebulo lake lomwe n'kumupha pang'onopang'ono. Anthu 23 anaphedwa, 29 anatengedwa. Nyumba ya Heard inapulumuka chifukwa galu anauwa, ndipo William Wentworth anadzuka n'kukankhira kunja omwe ankalowa, kenako anagona chagada n'kutsamiza mapazi kuchipata. Zipolopolo zinaboola chipatacho n'kudutsa pamwamba pake.

Vuto lachitatu ndi lomwe linkatopetsa anthu tsiku ndi tsiku. Nyumba yotere inkasunga moyo wokha basi. Anthu a ku Brookfield anatuluka amoyo n'kupeza mudzi uli phulusa lokhalokha, ndipo anausiya kwa zaka pafupifupi 10. Ng'ombe, nkhokwe ndi chigayo zinkatsala kunja. M'katimo mabanja angapo ankapanikizana m'zipinda zochepa kwa miyezi, moto umodzi, ana akulira, mwini nyumba akuwerengera nkhuni zake ndi chakudya cha asilikali omwe boma lamusungitsa. Kukangokhala zii kwa masabata angapo aliyense ankafuna kubwerera kwake. Ndiponso tirigu sakololedwa uli m'nyumba. Anthu ambiri ankaphedwa kapena kugwidwa kumunda, podula udzu wa ziweto, panjira yopita kuchigayo. Mu Sepitembala 1675 amuna oposa 60 anathera pakamtsinje kotchedwa Bloody Brook akuperekeza ngolo za zokolola kuchokera ku Deerfield.

Mpanda wozinga mudzi

Pongoganiza, mpanda umaposa nyumba imodzi. Banja lililonse limagona pakhomo pake, ziweto zina zimalowa m'kati, ndipo palibe kukhala mlendo m'nyumba ya mwini. Midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Connecticut, monga Hadley, Hatfield ndi Northampton, inasankha njira imeneyi chifukwa nyumba zake zinali zondondozana mumsewu umodzi, minda ili kudambo. Kumidzi ya ku Maine ndi New Hampshire, komwe makomo anali patalipatali m'mphepete mwa mitsinje, mpanda wotere sukanatheka n'komwe. Kakhalidwe ka mudzi kankasankhiratu njira anthu asanakweze manja pamsonkhano.

Nthawi ina unagwiradi ntchito. Pa 14 Malichi 1676 ankhondo anaboola mpanda wa Northampton malo atatu, koma m'katimo anapezamo asilikali ambiri omwe sankawayembekezera, gulu la William Turner ndi la Robert Treat. Mpanda umene anauboola unasanduka msampha wawo, ndipo anatuluka movutika. Koma taonani chomwe chinapulumutsa mudzi pamenepa: mitengo inalephera, anthu ndiwo anakwanira. Mpanda wautali umafuna alonda ambiri, ndipo mudzi wa mabanja 40 kapena 50 sungakwanitse kulondera mbali zonse usiku uliwonse kwa zaka. Mitengo yokwiriridwa pansi imawola, kukonza kumafuna msonkho ndi masiku a ntchito, ndipo mudzi ukamakula nyumba zatsopano zimamangidwa kunja. Ku Hatfield mu Sepitembala 1677, nyumba za kunja kwa mpanda ndi zomwe zinagwidwa masana amuna ali kumunda: 12 anaphedwa, 17 anatengedwa kupita ku Canada.

Choipa kwambiri n'chakuti mpanda umagonetsa tulo. Zili ngati mpanda wa njerwa wa m'tauni wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba, mlonda atafunda bulangete pambali pa mbaula. Ku Schenectady, m'chigawo choyandikana nacho cha New York, usiku wa pa 8 Febuluwale 1690 mpanda unalipo koma chipata chinali chosatseka ndipo panalibe mlonda, anthu a m'mudzimo atagawikana pa ndale ndiponso akuganiza kuti palibe angayende m'chisanu chotere. Anthu 60 anaphedwa, ena mwa iwo akapolo ochokera ku Africa, ndipo 27 anatengedwa.

Deerfield ndiye chitsanzo chomwe chimaika njira ziwirizi pamalo amodzi, m'mawa umodzi. Pa 29 Febuluwale 1704 m'mudzimo munali anthu 291, kuphatikizapo asilikali 20 omwe boma linali litangotumiza kumene. Jean-Baptiste Hertel de Rouville anafika ndi Afalansa pafupifupi 50 ndi ankhondo oposa 200 a mitundu ingapo, a Abenaki, a Mohawk a ku Kahnawake, a Huron ndi ena. Mphepo inali itaunjika sinowo kumpanda mpaka pafupifupi kumsonga, ndipo pamwamba pake panali pataumirira. Ochepa anangokwera pamulu umenewo, kudumphira m'kati, n'kutsegulira anzawo chipata. Mlonda sanachenjeze anthu pa nthawi yake. Pafupifupi 50 anafa, oposa 100 anatengedwa ulendo wapansi wa makilomita pafupifupi 480, ndipo 89 ndiwo anakafika ku Canada amoyo. Eunice Williams, mwana wa m'busa wazaka 7, anakulira ku Kahnawake, anakwatiwa komweko, ndipo anakana kubwerera mpaka imfa yake mu 1785.

Tsono m'kati mwa mpanda wogwawo munali nyumba ya Benoni Stebbins, yomwe makoma ake anali ndi njerwa m'kati. Amuna 7, amayi angapo ndi ana anadzitsekera mmenemo n'kulimba kwa maola oposa awiri adani atawazinga mbali zonse. Stebbins anaphedwa, koma nyumbayo sinalandidwe mpaka amuna a ku Hadley ndi Hatfield, omwe anaona kufiira kwa moto kumwamba, anafika. Pafupi pomwepo panali nyumba ya Sheldon, yomwe chitseko chake chochindikala anachitema ndi nkhwangwa mpaka kuboola kabowo kowomberera m'kati. Nyumbayo inagwetsedwa mu 1848, koma chitsekocho chikusungidwa kumalo osungira zakale a Memorial Hall ku Deerfield, mabala a nkhwangwa akuonekabe.

Eni nthaka nawo anali ndi mipanda yawo, ndipo ndiwo analawa kuipa kwake koyamba. Mu 1637 Angelezi ndi owathandiza anazinga mudzi wa mpanda wa a Pequot ku Mystic, kuyatsa nyumba za m'kati, n'kudikirira pazipata. Anthu osachepera 400 anafa, ambiri amayi, ana ndi okalamba. Mu Disembala 1675 linga la a Narragansett linali pachilumba pakati pa dambo lalikulu, koma dambolo linaundana ndi chisanu, asilikali pafupifupi 1,000 anayenda pamwamba pake, ndipo moto unachitanso zomwezo. Mpanda wokhala ndi nyumba zoyaka msanga m'kati ndi zipata zochepa umatsekera eni ake omwe.

Pali ganizo lina lomwe linafera papepala. Mu Malichi 1676, zinthu zitafika pamwana wakana phala, akuluakulu a Massachusetts anaganiza zomanga mpanda wa mitengo kapena miyala, wotalika mapazi 8, wa mamailosi pafupifupi 12, kuchokera kumtsinje wa Charles kukafika ku mtsinje wa Concord. Midzi yomwe ikanatsala kunja kwake, ndiponso yomwe ikanalipira, sinaone nzeru pamenepo, ndipo sunamangidwe.

Linga la boma

Abwanamkubwa ankakonda miyala ndi mizinga. Mu 1692 William Phips anamangitsa Fort William Henry ku Pemaquid, kugombe la Maine, pa ndalama zokwana mapaundi pafupifupi 20,000, katundu wolemera kwambiri pa anthu okhoma msonkho a nthawiyo. Linaima zaka zinayi zokha. Mu Ogasiti 1696 Mfalansa Pierre Le Moyne d'Iberville anafika pazombo, Mfalansa mnzake Saint-Castin anabwera ndi ankhondo a Abenaki mazana angapo, anatsitsa mizinga kumtunda, ndipo mabomba ochepa atagwera m'kati mkulu wa asilikali a m'menemo, Pasco Chubb, anapereka lingalo pamodzi ndi asilikali ake oposa 90. Matope omangira miyalayo anali osalimba, ndipo madzi akumwa ankatunga kunja kwa khoma. Linga lamiyala kugombe linkaitana mdani yekhayo amene akanatha kuligwetsa. London inakakamiza kwa zaka zambiri kuti limangidwenso, koma nyumba ya malamulo ya Massachusetts inkakana, ponena kuti lili kutali ndi midzi ndipo silitchinga njira ya aliyense. Pamenepa ndili kumbali ya nyumba ya malamuloyo.

Kumadzulo boma linayesa mzere wa malinga amitengo: Fort Dummer mu 1724, kenako Fort Shirley, Fort Pelham ndi Fort Massachusetts m'zaka za 1744 ndi 1745. Pamapu mzerewu umaoneka ngati chitseko chotseka. M'nkhalango, pakati pa linga ndi linga panali mtunda woti gulu lonse lingadutse osaoneka. Fort Massachusetts inamangidwa m'chigwa, pomwe munthu ali paphiri ankaona m'kati. Mu Ogasiti 1746 munali amuna 22, theka la iwo akudwala m'mimba, amayi atatu ndi ana asanu, pamene Mfalansa Rigaud de Vaudreuil anafika ndi anthu osachepera 700. Mtsogoleri wa palingapo, John Hawks, analimba tsiku limodzi ndi usiku wake, wonga unatsala pang'ono kutha, n'kugonja. Pafupifupi theka la ogwidwawo anafera ku Canada. Patangopita masiku ochepa, kagulu kena ka ankhondo omwewo kanatsikira ku Deerfield n'kupha anthu asanu omwe ankadula udzu kudambo.

Chomwe chinachita bwino chinali chosakaniza. Ku No. 4, komwe lero ndi Charlestown ku New Hampshire, anthu analumikiza nyumba zawo m'bwalo la ngodya zinayi n'kuzinga ndi mpanda, boma n'kupereka asilikali. Mu Epulo 1747 Phineas Stevens ndi amuna 30 anazingidwa masiku atatu. Agalu ndiwo anayamba kuwatsina khutu. Adani atayatsa udzu ndi mipanda ya m'minda kuti mphepo ikankhire moto kulinga, Stevens anakumbitsa ngalande 11 zodutsa pansi pa khoma, zakuya moti munthu ankaima m'menemo kunja kwa khoma osaonekera, n'kumathira madzi pamatabwa usiku wonse. Pamapeto pake ozingawo, njala itawapweteka, anapempha kugula chimanga. Stevens anati apereka chimanga posinthana ndi anthu ogwidwa, ndipo iwo anangonyamuka. Koma tisaiwale kuti pa nthawiyi mabanja anali atasamuka kale, asilikaliwo ankalondera mudzi wopanda anthu. Ndipo kumapeto kwa Ogasiti 1754 banja la Johnson linagwidwa m'nyumba yawo kufupi ndi linga lomwelo, atatsegulira chitseko mnansi wobwera kudzagwira ntchito m'mamawa. Susannah Johnson anachira mwana wamkazi m'nkhalango tsiku lotsatira.

Maso kunkhalango

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza koma n'zosiyana: kuzonda ndi kusaka anthu. Kuzonda kunali kotchipa kuposa khoma lililonse ndipo kunkanyozedwa kuposa zonse. M'nyengo yozizira ya 1675 ndi 1676 Angelezi anatsekera eni nthaka achikhristu mazana angapo pachilumba cha Deer Island ku Boston, komwe ambiri anafa ndi njala ndi chisanu. Pachilumba pomwepo anatengapo amuna awiri, James Quannapohit ndi Job Kattenanit, kuti akazonde. Quannapohit anabwerera mu Januwale n'kunena kuti Lancaster igwidwa pakatha masabata atatu. Akuluakulu anazengereza. Kattenanit anafika kunyumba kwa Daniel Gookin, woyang'anira eni nthaka achikhristu, ku Cambridge usiku wa pa 9 Febuluwale, atatheratu ndi ulendo, n'kunena kuti ndi mawa. Asilikali ochokera ku Marlborough anafika nyumba ya Rowlandson itayaka kale. Ku Dover nako chenjezo linachokera kwa eni nthaka, koma kalata yochokera ku Boston inachedwa panjira n'kufika zonse zitatha. Ku Deerfield machenjezo anachuluka kwa miyezi mpaka anthu anawazolowera.

Benjamin Church ndi amene anaonetsa phindu loyenda ndi eni nthaka. Gulu lake losakaniza Angelezi ndi a Sakonnet ndi lomwe linapeza Metacom, mtsogoleri wa a Wampanoag, pa 12 Ogasiti 1676, ndipo amene anamuwombera anali mwini nthaka mnzake, John Alderman.

Kusaka anthu ndi nkhani ina. Massachusetts inkalipira ndalama pa chikopa cha pamutu cha mdani, ndipo m'nkhondo ya 1722 mpaka 1725 mtengo unafika mapaundi 100 pa mwamuna mmodzi. Mu Febuluwale 1725 John Lovewell ndi gulu lake anapha amuna 10 ali m'tulo n'kukalandira mapaundi 1,000 ku Boston. Mu Meyi chaka chomwecho iye anaphedwa ku Pequawket pamodzi ndi anzake ambiri. Njirayi inakankhiradi midzi ina ya Abenaki kumpoto, makamaka mudzi wawo wa Norridgewock utawonongedwa mu 1724, koma inasandutsa kupha munthu kukhala geni, ndipo chikopa cha pamutu sichinena ngati mwini wake anali mdani kapena mnansi. Othawira ku Canada aja ndi omwe ana awo ankabwerera m'nkhondo zotsatira, njira zonse akuzidziwa.

Kupangana, kapena kuchoka

Tikawerenga zaka zomwe anthu anagona mwamtendere, palibe khoma lomwe likufika pa mgwirizano. Plymouth inamanga mpanda wake mu 1622, koma chomwe chinaisunga chinali pangano la 1621 ndi Massasoit, mfumu ya a Wampanoag, lomwe linakhala zaka zoposa 50 mpaka njala ya malo inalidya m'nthawi ya mwana wake Metacom. M'nkhondo ya 1702 mpaka 1713, pomwe Deerfield inkapsa, amalonda a ku Albany, m'chigawo cha New York, ankagulitsana katundu ndi Montreal kudzera mwa a Mohawk, ndipo malire a New York anakhala pafupifupi osakhudzidwa, zomwe zinkawawa kwambiri anthu a ku Boston. Pambuyo pa pangano la wachiwiri kwa bwanamkubwa William Dummer, lomwe linatsimikizidwa ku Falmouth mu 1726, Massachusetts inatsegula masitolo a boma kumalire ogulitsa katundu kwa a Abenaki pamtengo wotsika, pofuna kuchotsa amalonda akuba pasikelo ndiponso kuwakoka kwa Afalansa. Kunakhala bata mpaka 1744.

Njirayi inali ndi mano ake. Inkafuna kuti atsamunda aleke kumanga midzi ndi malinga atsopano m'mitsinje ya eni, chinthu chomwe sanafune kuleka. Zolembedwa papepala nazo zinkasiyana ndi zomwe zinanenedwa pakamwa: Loron, wolankhulira a Penobscot, anakanitsitsa kuti sanavomerepo kukhala pansi pa mfumu ya England monga mmene chikalata cha Chingelezi chinkanenera. Komanso bata la 1726 linasweka ndi mkangano wa mafumu ku Ulaya, womwe mlimi wa ku Wells kapena msodzi wa ku Penobscot analibe nawo mawu.

Kutsala kusamuka. Ambiri anachitadi zimenezi: Lancaster ndi Deerfield anakhala mabwinja kwa zaka zingapo itatha nkhondo ya Metacom ya 1675 mpaka 1676, ndipo Falmouth itagwa mu Meyi 1690 pafupifupi gombe lonse la kum'mawa kwa Wells linatsala lopanda Mngelezi. Kwa banja limodzi iyi ndiyo inali njira yotsimikizika yosungira ana. Kwa boma inali yoopsa kuposa zonse, chifukwa mudzi wakumalire ukatha, wotsatira ndiwo umasanduka malire, mpaka moto ufike ku Boston. N'chifukwa chake mu 1695 Massachusetts inakhazikitsa lamulo lotchula midzi 11 yakumalire, mwa iyo Wells, York, Kittery, Haverhill, Groton, Lancaster ndi Deerfield, loti aliyense wokhala ndi malo kumeneko akachoka popanda chilolezo alandidwa malowo, ndipo wopanda malo alipira chindapusa. Chuma chonse cha mlimi wa kumeneko chinali munda womwewo, ndiye ambiri anakhala, n'kumalemba makalata chaka ndi chaka opempha boma kuti liwachotsereko msonkho, liwatumizire wonga ndi asilikali ochepa oti aziwalondera pokolola. Kuukira midzi imeneyi kunatha Quebec itagwa mu 1759 ndi Montreal mu 1760, pomwe a Abenaki anatsala opanda wowapatsa mfuti ndi wonga, ndipo m'zaka zochepa atsamunda anakhamukira kumtunda kwa mtsinje wa Connecticut kukatsegula midzi yatsopano yambirimbiri pa malo omwe poyamba sakanayerekeza kugonapo.